Ndinayamba karate imvi zili kale m'mutu

Chiyambireni kundiona ndi kachikwama kumsana madzulo, anthu akwathu amene timakumana nawo kuno ku Harare, kutchalitchi ndi kukagulu kathu kothandizana pamaliro, akhala akundifunsa mafunso. Ena amafunsa moseka, akuti achimwene mwayamba liti kusewera ndi ana. Ena amandikokera pambali, mawu atatsitsa, n'kufunsa ngati munthu wopitirira zaka 40 angathedi kuyamba karate, poti nawonso mtima ulipo koma akuopa kusekedwa kapena kuthyoka. Ndikulembera achiwiriwa.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinabwera kuno ndili mnyamata kutsatira amalume. Ndimakhala ku Mufakose, ntchito yanga ndi ya ukalipentala, ndimakhoma masofa ndi makabati ku Glen View. Karate ndinaiyamba ndili ndi zaka 47, ndipo chinandiyambitsa si mtima wa ndewu. Kukiliniki anandipeza ndi BP yokwera, mimba inali itatsogola, kukwera masitepe ndi thabwa paphewa kunkandisiya ndili wefuwefu. Nthawi yomweyo mwana wanga wotsiriza anali atalowa kagulu ka karate, ndiye ndinkapita kukamutenga kukada. Kuimaima pakhomo pa holo kuja n'kumene kunandikopa.

Kuyamba n'kotheka. Koma munthu wamkulu aziyamba akudziwa chinthu chimodzi chimene achinyamata alibe nacho ntchito. Mnyamata wa zaka 18 akavulala amakagona, amayi ake n'kumamuphikira phala. Inu mukavulala, lendi yavulala, fizi ya ana yavulala, kandalama kamene mumatumiza kumudzi kavulalanso. Thupi limene mwapita nalo kuholo madzulo ndi lomwelo limene mawa m'mawa likagwire sowo, likakankhe wilibala pagadeni ya bwana, kapena likaime usiku wonse pageti. Ambirife ntchito zathu n'zopanda tchuthi cha matenda, tsiku limene sunagwire sunadye. Chilichonse chimene ndimasankha pa karate ndimachiyeza ndi funso loti kodi mawa ndidzuka n'kupita kuntchito?

Musanagule chilichonse, pitani kukiliniki akakuyezeni BP ndi shuga. Ambiri a msinkhu wathu tikuyenda ndi matenda awiriwa osadziwa, chifukwa sapweteka mpaka atafika patali. Manambala akamafika 140 pamwamba kapena 90 pansi mobwerezabwereza, ndiye kuti magazi akuthamanga kwambiri. Zimenezi sizikuletsani masewera, ndipotu masewera amathandiza kutsitsa BP, koma anamwino akuuzeni kaye kuti mungayambe. Muwauzenso mosabisa kuti mukufuna masewera omenyana, asaganize kuti mukunena zoyenda wapansi. Mankhwala amene mukumwa ali ndi mbali yake pankhaniyi. Timapiritsi ta HCT timene ambiri a BP timalandira timakodzetsa, ndiye mukatuluka thukuta lambiri osamwa madzi mumamva chizungulire mukaimirira msanga. Atenolol amachedwetsa kugunda kwa mtima, moti mumatopa mtima usanathamange n'komwe. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asayerekeze kulowa m'masewera omenyana zenizeni, chifukwa kamkwingwirima kakang'ono kwa iwo kamakhala kutaya magazi m'kati. A shuga azinyamula masiwiti m'chikwama, ndipo aziyang'ana kuphazi tsiku lililonse akaweruka, poti karate imachitika opanda nsapato ndipo chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga sichichedwa kukula.

Kenako pali nkhani yosankha mtundu wa masewerawo. Anthufe chilichonse chokhudza mateche timangoti karate, koma mitundu ilipo yambiri ndipo imalemera mosiyana pathupi. Karate yeniyeniyo inachokera pa chilumba cha Okinawa. Gichin Funakoshi anapita nayo ku Tokyo mu 1922, iye ali ndi zaka zoposa 50, ndipo mtundu umene unatuluka m'manja mwake ndi Shotokan. Mu Shotokan mumaima motsika kwambiri, miyendo itatambasuka, ndipo pomenyana mumabweza dzanja musanamupweteke mnzanu. Maondo amagwira ntchito yaikulu, koma nthiti zimabwerako zamtendere. Mtundu wina ndi Kyokushin, umene anayambitsa Mas Oyama, ndipo umenewu ndiye wamphamvu kuno ku Zimbabwe, makamaka chichokereni pamene Samson Muripo anakapambana mpikisano wa dziko lonse ku Osaka mu 2009. Anakapambananso ku Moscow mu 2019 m'gulu la akuluakulu, atadutsa zaka 40. Mu Kyokushin chibakera cha kumaso n'choletsedwa, koma cha pamimba ndi pachifuwa chimafika ndi mphamvu zake zonse, theche la pantchafu nalonso limafika lonse, ngakhale la kumutu amaloleza. Muripo amatilimbitsa mtima ife achikulire, komabe tizikumbukira kuti iyeyo sanayambe dzulo.

Judo, imene anayambitsa Jigoro Kano mu 1882, ndi yogwetsana. Ine ndimaisirira chifukwa chinthu choyamba chimene amakuphunzitsa ndi kagwedwe, ndipo munthu akamakula kugwa ndiye ngozi imene imamudikira kubafa ndi pamatope a dzinja. Koma judo popanda mateti abwino ndi chipatala. Nkhonya nazo zili ndi mbiri yake mumzinda muno, akuluakulu a ku Mbare amakumbukirabe Proud Chinembiri, uja ankamutcha Kilimanjaro. Kumenya thumba ndi kudumpha chingwe kumachotsa mimba msanga kuposa china chilichonse chimene ndinaonapo, koma kumenyedwa kumutu uli ndi zaka 50 sindingamulangize munthu. Palinso jiu-jitsu wa ku Brazil, wolimbana pansi, amene achinyamata akumuthamangira makamaka chilowereni Themba Gorimbo, womenya wa dziko lino, mu UFC, mpikisano waukulu wa ndewu zosakaniza mitundu. Malo ake ambiri ali kumayadi ndipo mtengo wake ndi wa kumayadi komweko.

Zonsezi ndazitchula kuti mudziwe mayina, koma ine ndinaona kuti mphunzitsi ndiye wofunika kuposa dzina la mtunduwo. Kyokushin ya mphunzitsi woganiza ndi yabwino kuposa Shotokan ya mphunzitsi wofuna kutchuka. Ndiye musanalipire, pitani mukakhale pabenchi muonerere kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Malo oyamba amene ndinakaonerera, sinditchula kuti n'kuti, mphunzitsi anagoneka ophunzira chagada pamzere n'kumayenda pamimba pawo. Atatero anawauza kuti apange mapushapu ndi zibakera pasimenti yokakala, ndipo kamnyamata kena katagwa, anzake anauzidwa kuti akaseke. Pamapeto ndinamufikira n'kumufunsa kuti munthu ngati ine, wamaondo olira, angayambe bwanji. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti ululu uli m'maganizo. Ndinathokoza n'kutuluka. Ululu wa bondo langa uli m'bondo, ndipo ndikuudziwa kuyambira chaka chimene ndinagwa ndi wadirobu pamasitepe.

Kumene ndinakhazikika ndi kuholo komwe kuja kumapita mwana wanga. Sensei wathu, ndiye dzina la mphunzitsi kumeneko, ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. Tsiku loyamba anandikhazika pansi n'kundifunsa zinthu zitatu: ntchito imene ndimagwira, mankhwala amene ndimamwa, ndi pamene ndinavulalapo kale. Nditamuuza kuti ndine kalipentala anatenga manja anga n'kuwatembenuza, kuyang'ana mfundo za zala, ndiye anati mapushapu a zibakera ine ndisapange, ndizipanga ndi zikhato, ndipo thabwa lokulunga chingwe limene anzanga amamenya pofuna kulimbitsa zibakera ndisaliyandikire. Akuti manja amenewa ali kale ndi ntchito. Mukapeza mphunzitsi wofunsa mafunso otere, mwapeza malo. Onaninso ngati m'gulumo muli wina wa imvi kapena azimayi. Gulu la anyamata okhaokha a zaka za m'ma 20 nthawi zambiri limatanthauza kuti ena onse anathawa, ndipo anathawa pa chifukwa.

Nkhani ya manja ndiikhalitse pang'ono, chifukwa ambirife timadyera manja. Chibakera chomenya molakwika chimathyola kafupa ka kuseri kwa chala chaching'ono, ndipo kafupa kameneko kamatenga mwezi ndi theka kapena kuposa kuti kalumikizane. Telala, wophika, makaniki, wometa tsitsi, mwezi ndi theka osagwira ntchito ndi njala. Chibakera chimamenya ndi mfundo ziwiri zoyambirira, ya chala cholozera ndi ya chapakati, dzanja litawongoka molingana ndi mkono. Muphunzire zimenezi mumphepo kaye, kenako pa pilo wofewa amene mnzanu amagwira, thumba lolemera libwere pambuyo. Zothyola matabwa ndi njerwa pa zionetsero zisiyireni ana asukulu. Ine matabwa ndimagula, ndikudziwa mtengo wake, sindiona chosangalatsa powathyola.

Amalume anga, omwe aja anandibweretsa kuno, atamva kuti ndayamba zimenezi anangoti kuwongola mtengo n'poyamba. Sananame. Koma pantchito yathu thabwa louma lopindika timaliwongola ndithu: timalinyowetsa, kulimanga ndi kilampu, n'kumamangitsa pang'ono lero, pang'ono mawa. Ukamangitsa kamodzin'kamodzi limangoti phwa. Thupi la munthu wamkulu limafuna zomwezo, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Minofu imalandira magazi ambiri, imalimba msanga, pakangotha milungu yochepa mumamva kuti mphamvu zabwera. Mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa ndi yomanga mfundo imalandira magazi ochepa, imatenga miyezi kuti izolowere. Ngozi ili pakati pamenepo, pamene mpweya wabwerera, minofu ikuti tiyeni, koma mtsempha wa kuchidendene ndi wa paphewa usanakonzeke. Anthu akuluakulu ambiri amene ndawaona akuvulala sanavulale sabata yoyamba. Anavulala mwezi wachiwiri kapena wachitatu, atayamba kudzimva unyamata.

Kawiri pa sabata n'kokwanira poyamba, ndipo pakati pakhale tsiku lopuma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Makalasi awiri a karate ndi kuyenda wapansi pang'ono zimafikitsa pamenepo. Ine masiku ena ndimatsika kombi patali dala n'kumaliza ndi miyendo.

Ululu ulipo wamitundu iwiri ndipo muyenera kuusiyanitsa. Pali kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera mawa lake, n'kufika pachimake tsiku lachiwiri, kukhala pachimbudzi n'kukhala nkhondo. Kumeneko n'kwabwinobwino, kumatha pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo kuyendayenda kumathandiza kuposa kugona. Ndiye pali ululu wobaya, wa malo amodzi oti mutha kuloza ndi chala, makamaka m'mfundo, kapena bondo lotupa, kapena logwedera ngati likufuna kugonja. Umenewo siyani pomwepo, musadikire kuti kalasi ithe. Kumva kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, kubanika kosiyana ndi kutopa wamba, kuona mdima, zimenezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukamenyedwa kumutu n'kuyamba kusanza, kuiwala kapena mutu kupweteka mosalekeza. Ndichenjezenso za Brufen ndi diclofenac, amene timangogula ngati masiwiti. Kumwa kawirikawiri kumakweza BP, kumapweteka impso ndi m'mimba, ndiponso kumabisa ululu umene ukanakuuzani kuti lekani.

Holo zathu zambiri pansi pake ndi simenti. M'miyezi ya June ndi July simenti ya ku Harare madzulo imazizira mpaka zala za kuphazi kuchita dzanzi, ndipo minofu yozizira ndi imene imang'ambika. Ana amangofika n'kuyamba kuponya miyendo m'mwamba. Ine ndimafika msanga, n'kuyamba ndekha kuthamanga pang'onopang'ono mozungulira, kuzunguza mapewa, chiuno ndi akakolo mpaka kathukuta katayamba, juzi ndimavula pambuyo. Kudzikoka kwambiri kuti miyendo itambasuke ndimachita pamapeto thupi lili lotentha, ndipo sindilola munthu kundikankha kumsana kuti ndifike pansi. Mu October vuto limatembenuka, holo ya malata imatentha ngakhale dzuwa litalowa, ndiye botolo la madzi muzibwera nalo kuchokera kunyumba, poti mipopi ya kuno mukuidziwa. Amene mwangofika kumene kuchokera ku Nsanje kapena kunyanja musadabwe mukamatha mpweya msanga, mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Ife a ku Dedza pamenepo sitidandaula.

Pa zonse, chimene chimagwetsa akuluakulu ambiri si bondo ayi. Ndi kuima kumapeto kwa mzere. M'kalasi anthu amaima motsata lamba, osati zaka, ndipo wa lamba woyera amaima kumapeto, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Ine ndinkaima pambali pa tiana toti tikhoza kukhala tidzukulu tanga, mwana wanga yemwe ali kutsogolo kwanga. Tsiku lina tikuphunzira theche lozungulira lija amati mawashi geri, sensei anatuma kamtsikana ka lamba wobiriwira kuti kandithandize. Kamtsikanako agogo ake anachokera ku Mangochi, Chichewa kamayankhula chosakaniza ndi Chishona. Kanaima n'kundiyang'ana ndikuponya mwendo, kenako kanagwada, kugwira chidendene cha mwendo umene ndinaimira n'kuchipotoza.

"Agogo, phazi ili lizitembenuka. Mukalisiya litamata pansi, bondo ndi limene lizipotokola."

Mawu oti agogo anandilasa kuposa theche lililonse, ndinali ndisanafike n'komwe 50. Koma zimene kananena n'zoona, ndipo ndi langizo lofunika kwambiri la maondo limene ndinalandirapo: phazi loimira litembenukire pa nsonga yake, chidendene chiloze kumene mukumenya, bondo ndi zala za kuphazi ziziyang'ana mbali imodzi nthawi zonse. Kanawonjeza kuti ndisalimbane ndi kumenya m'mwamba, theche la m'chiuno lakwana. Mpaka lero mwendo wanga sufika kumutu kwa munthu ndipo palibe wandichotsera malikisi.

Ndaona amuna anzanga akulephera pamenepa. Amabwera kawiri katatu, mwana akawakonza nkhope imagwa, sabata yotsatira akuti ntchito yachuluka. Ulemu wanu sutha chifukwa mwana wakuuzani kuti phazi lakhota. Ana omwewo tikatuluka panja amandilandira chikwama ndi manja awiri.

Ena akumpingo amandifunsa za kuwerama kuja, ngati sitikupembedza mizimu ya ku Japan. Kuwerama ndi moni wawo, timaweramira mphunzitsi, mnzathu amene tikuchita naye, ndi polowa m'holo. Poyamba ndi pomaliza timagwada n'kutsinzina kanthawi kochepa kuti mtima ukhale pansi. Palibe anandiuzapo kuti ndipemphere kwa chinthu chilichonse. Kugwada kwakeko, kokhalira zidendene, ndiye kumene kumandivuta, ndipo sensei anandilola kukhala chopinda miyendo kutsogolo. Mawu a Chijapani musawaope, kuwerenga ichi, ni, san kumalowa kokha m'mutu.

Maphunzirowo ali patatu. Kihon ndi kubwereza zibakera, mateche ndi zotchinga muli pamzere. Kata ndi mndandanda wa mayendedwe woloweza pamtima, umene mumachita nokha ngati mukumenyana ndi anthu osaoneka. Kumite ndiye kumenyana ndi mnzanu. Achinyamata amaona ngati kata ndi yotayitsa nthawi, koma kwa ife ndiye chuma. Imalimbitsa miyendo, imaphunzitsa kuima osadzandira, imagwiritsa ntchito mutu, ndipo mukhoza kuichita pabwalo kunyumba magetsi atazima popanda kulipira aliyense. Chenjezo limodzi kwa a BP: pali kata ndi kapumidwe kena kolimbitsa thupi lonse n'kumatulutsa mpweya mokakamiza. Musamagwire mpweya mukukakamira, ngakhale pa mapushapu, chifukwa BP imakwera nthawi yomweyo. Muzipuma.

Kumite musaithamangire, ndipo mphunzitsi wokuponyani m'menemo sabata yoyamba sakukufunirani zabwino. Nthawi ikafika, sankhani woti muchite naye. Zimadabwitsa, koma wotetezeka kwambiri ndi wa lamba wakuda kapena wabulauni, chifukwa amadziwa kuyeza mphamvu, amakugundani pang'ono kukuonetsani pamene mwatsegula. Woopsa ndi mnyamata wamphamvu wa lamba woyera kapena wachikasu, amene sadziwa kumene mwendo wake ukathere ndipo akufuna anzake amuone. Wina wotere anandipatsa theche pantchafu moti m'mawa mwake kukwera kombi ndinachita kukweza mwendo ndi manja, kondakitala akundiuza m'Chishona kuti mudhara, kutanthauza mdala, fulumirani. Kuyambira pamenepo ndimanena tisanayambe kuti amwene, pang'onopang'ono, mawa ndili ndi oda ya kasitomala. Palibe manyazi pamenepo. Akapitiriza kumenya mwamphamvu ndimawerama n'kuchoka. Ndipo inunso musabwezere mwaukali mwana akakugundani, chifukwa mkwiyo wa munthu wamkulu wochita manyazi ndi umene umathyola nthiti, zanu kapena zake. Chotetezera mano gulani, n'chotchipa kuyerekeza ndi dzino, ndipo abambo mugulenso chotetezera kumaliseche. Zikhadabo muziwenga.

Za ndalama sizichuluka ngati simukopeka. Makalabu a m'malokeshoni amalipiritsa madola ochepa pamwezi, ndipo ambiri amakulolani kuyamba ndi thilakisuti ndi tisheti. Yunifolomu yoyera ija, gi, mugule mutatsimikiza kuti mukhalitsa, ndipo mufunse kaye m'kalabumo, nthawi zambiri pamakhala wina amene anasiya kapena yamuthina. Nthawi zina imapezekanso pakaunjika ku Mbare. Chimene muyenera kufunsa poyambirira ndi ndalama za mayeso a lamba ndi za kulembetsa ku bungwe, kuti zisadzakudzidzimutseni mwezi wa fizi. Malo amene amakupatsani lamba watsopano mwezi uliwonse bola mwalipira akugulitsa nsalu. Lamba wakuda m'makalabu oona amatenga zaka zinayi, zisanu kapena kuposa, ndipo kwa ife opita kawiri pa sabata amatenga nthawi yotalikirapo.

Kunyumba kambiranani. Bambo amene wayamba mwadzidzidzi kuchoka madzulo, kubwera atasamba thukuta, mimba ikuphwa, amabweretsa mafunso. Akazi anga sabata zoyambirira ankangoti, "Inu abambo, karate yake iti yomaliza usiku chonchi?" Ndinawatenga tsiku lina kuti akaonere. Anaseka mpaka misozi pondiona ndikusochera pakati pa kata, ana onse atatembenukira kumanzere ine ndekha kumanja, koma nkhani inathera pomwepo. Pano ndi iwo amene amandichedwetsera nsima. Musadye nsima yambiri musanapite, imabwerera kukhosi. Kanthochi kapena kambatata maola awiri musanayambe n'kokwanira, chakudya chenicheni mukabwerako, ndipo ndiwo zikhale zomanga thupi: nyemba, mazira, matemba, nsinjiro. Munthu akadutsa zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndiye imafuna chakudya kuti ibwerere. Tulo nato n'tofunika, thupi limadzikonza muli mtulo. A ntchito ya ulonda, musachoke ku shifiti ya usiku osagona n'kupita kukamenyana. Mowa wa pambuyo pa kalasi umachedwetsa kuchira, ndinaonera anzanga.

Azimayi amene mukufuna kuyamba, malo alipo, ndipo m'kalasi mwathu muli mayi wina wogulitsa masamba amene kata yake imatichititsa manyazi tonse. Iye anandiuza kuti ndiuze anzake zinthu ziwiri: amene anabereka kangapo asadabwe mkodzo ukamadontha podumpha, auze mphunzitsi kuti zodumpha azichita mopepuka ndipo akafunse kukiliniki za masewera olimbitsa minofu ya m'chiuno, komanso mphunzitsi wofuna kukuphunzitsani panokha kuseri amukane.

Ambiri amafuna karate kuti adziteteze kwa akuba, makamaka amene amaweruka usiku. Ndinene mosapsatira: miyezi isanu ndi umodzi ya karate sikupangitsani kulimbana ndi anyamata atatu a mipeni. Chimene chimawonjezeka ndi mpweya woti muthawe, maso oona msanga kuti kutsogoloku sikuli bwino, ndi kusauma thupi munthu akakugwirani mwadzidzidzi. Foni apatseni. Lamulo la dziko lino limalola kudziteteza, koma mopanda kupyola muyeso wa chiopsezocho, ndipo kwa ife amene mapepala athu ena ali ndi mafunso, kupezeka kupolisi chifukwa chothyola munthu nsagwada kubawa ndi mavuto awiri. Anthu akangodziwa kuti mumachita karate, pamowa sipalephera wina wofuna kukuyesani. Ine ndimangoti ndimaperekeza mwana.

Chimene chasintha kwa ine n'chooneka. Lamba wa thalauza ndinaboola mabowo atsopano, thabwa la mlombwa ndimakwera nalo masitepe osaima panjira, msana umene unkandivuta ndikaweramira pa benchi tsiku lonse unachepa kupweteka. BP inatsika, koma mankhwala sindinasiye, ndipo inunso musasiye popanda achipatala kukuuzani.

Kudukiza kudzabwera, mufune musafune. Maliro, chimfine, oda yaikulu ya Khirisimasi, ulendo wakumudzi. Chaka chino ndinapita kwathu kukaika chiliza cha mayi, ulendo uja wa basi wodzera pa Nyamapanda ndi Tete, ndipo ndinakhalitsa kuposa m'mene ndinkaganizira. Pobwera thupi linali litabwerera m'mbuyo, mpweya ndiye unathawa msanga kuposa mphamvu, pamene mutu unkakumbukira zonse n'kumafuna kupitiriza pomwe ndinasiyira. Sensei anandiimika kumbuyo, anati sabata ziwiri zoyamba ndichite theka la chilichonse, mateche asapitirire m'chiuno, kumite ayi. Ngati munadwala malungo kapena chimfine cha kutentha thupi, dikirani mpaka chitatheratu, musakachotsere matenda m'thukuta monga ena amanenera, chifukwa mtima umakhala usanachire. Mayeso a lamba amene anzanga anachita ine kulibe andidutsa, ndidikira ena. Kumite andilola kuyambiranso Lachisanu likubwerali, ndipo ndapempha kale kuti andipatse mnyamata wa lamba wabulauni.